Miyezi Isanu ndi Itatu Chikonzetsereni Tcheni cha Taimingi

Papita miyezi isanu ndi itatu chitulukireni m'galaja ku Ndirande galimoto yanga ya Toyota Sienta, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, ndipo tsopano ndikhoza kunena mosakayika kuti ndinachita bwino kukonzetsa injini yomweyo m'malo mogula ina yakale monga ankandilangizira anzanga.

Galimotoyi inali itayenda makilomita opitirira 240,000 pamene inazima mwadzidzidzi pafupi ndi Chichiri mu msewu wa Masauko Chipembere. Sindingainamizire, chifukwa inandichenjeza kwa milungu ingapo. M'mawa uliwonse ndikailiza inkachita phokoso la kwetekwete kwa masekondi ochepa kenako n'kukhala chete, ine n'kumati ndi kuzizira chabe. Tsiku limenelo sitata inkazungulira mopepuka kuposa masiku onse koma injini osalira. Amakaniko anatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini, nauza mnyamata wawo kuti apotoze kiyi, ndiye anandiitana: "Bwana, tabwerani muone nokha, makamushafuti sakuyenda." Tcheni chinali chitaduka, ndipo zidutswa za pulasitiki ya magaidi, zitsulo zokutidwa ndi pulasitiki zimene tcheni chimatsetserekapo, tinazipeza pansi mu sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini.

Tcheni chimenechi ndicho chimalumikiza kirankishafuti ndi makamushafuti awiri kuti mavalavu azitseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake, moti chikaduka injini ili pa liwiro mapisitoni amatha kuwomba mavalavu. Mwa mavalavu 16, anayi anapezeka atapindika, choncho silinda hedi inachotsedwa. Ndinaumirira kuti tcheni, tenshona, magaidi ndi magiya ake zikhale zatsopano zonse, ngakhale kuti zogwiritsidwa kale ntchito zinali zotsika mtengo kwambiri ku Limbe. Tenshona imakankha tcheni ndi mphamvu ya oyilo, ndipo phala lakuda limene tinaona m'kati mwa injiniyo linandichititsa manyazi, popeza ndine ndinkazengereza kusintha oyilo.

Mwezi woyamba sunali wosangalatsa kwenikweni. Pabwalo pamene ndimaimika galimoto ku Machinjiri pankapezeka kadontho ka oyilo m'mawa uliwonse, kochokera pa chivundikiro cha tcheni pomwe silikoni sinagwire bwino. Amakaniko anamatanso osandilipiritsa, ndipo kuyambira pamenepo pansi pamakhala pouma.

Mayeso enieni anali ulendo wa ku Chikwawa mu Okutobala, tili anthu asanu ndi katundu, pobwerera tikukwera phiri la ku Thabwa dzuwa likuswa mtengo. Injini inakoka popanda kutentha mopitirira muyeso, ndipo nyali ya injini pa dashibodi sinayakepo. Mafuta ikudya mocheperako kusiyana ndi miyezi imene tcheni chinali chitatamuka, ngakhale kuti sindinayeze bwinobwino. Chotsalira ndi utsi wochepa ikangoliza itakhalitsa, umene amakaniko akuti ndi maring'i okalamba a mapisitoni, osati ntchito yawo. Oyilo ndi fyuluta ndikusintha pa makilomita 5,000 alionse, ndipo m'mawa ndimayamba ndazimitsa wailesi kuti ndimve mmene injini ikudzukira.