Ndodo ya nsungwi yowedzera nsomba za trout: mmene ndaionera pa mtsinje wa Mulunguzi ku Zomba

Papita chaka ndi miyezi ingapo chilandirire ndodo yowedzera imene ndikufuna kuifotokoza pano, ndipo ndinazengereza dala kulemba za iyo kufikira itadutsa nyengo zonse za kwathu kuno ku Blantyre, kuyambira chiperoni cha mu June mpaka chinyontho cha mu February. Ndi ndodo ya nsungwi yopangidwa pamanja ndi mmisiri wina wa ku South Africa, ndipo alamu anga ndiwo anandinyamulira pochokera ku Johannesburg, ili m'kathumba ka nsalu kolowetsedwa m'chipaipi cha aluminiyamu. Ndi yaitali mafiti 7, amene ndi mamita 2.13, imagawika pawiri, ili ndi nsonga ziwiri zosinthanitsa, ndipo inapangidwira chingwe cha nambala 4. Nditaiika pa sikelo ya kukhitchini inalemera magalamu 96.

Ambiri a ife tinakula tikuwedza ndi nyongolotsi kapena phala la nsima, pamene kamtovu kapena kulemera kwa nyambo ndiko kumakoka chingwe kupita nacho pamadzi. Kuwedza kwa fly fishing, kumene ndodoyi inapangidwira, kumayenda mosiyana, chifukwa nyambo yake ndi kambedza kovekedwa nthenga ndi ubweya kuti kaoneke ngati kachilombo kogwera m'madzi, ndipo kamapepuka moti simungakaponye ngakhale mamita awiri pakokha. Cholemera ndi chingwe, ndipo ntchito ya ndodo ndi kupindika ndi kulemera kwa chingwecho kenako n'kuwongoka kuti chitambasuke. Nambala 4 ija ikutanthauza kuti mafiti 30 (pafupifupi mamita 9) oyambirira a chingwe amalemera pafupifupi magalamu 7.8. Nkhani yonse ya ubwino ndi kuipa kwa ndodo iyi yagona pamenepa, chifukwa pa mitsinje ing'onoing'ono msodzi satulutsa mafiti 30 amenewo kawirikawiri.

Anzanga atamva kuti ndagula ndodo ya nsungwi kunja anadabwa, poti nsungwi zili mbwee kwathu kuno ndipo timalukira malichero, madengu ndi mono. Kudabwako kunali koyenera, koma chinthu chimene chinatuluka m'kathumba kaja si nsungwi yongodula n'kuyanika. Amisiri ambiri a ndodo zotere amagwiritsa ntchito mtundu wotchedwa Tonkin, umene umalimidwa kummwera kwa China, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Sui m'chigawo cha Guangdong. Amaukonda chifukwa umakula mowongoka, mfundo zake n'zotalikirana, ndipo timinyewa take tolimba tinathithikana kwambiri pafupi ndi khungu. Mmisiri amaing'amba nsungwiyo m'timizere, monga mmene amachitira oluka malichero, amawongola mfundo ndi moto, amaotcha timizereto mu uvuni kuti madzi atuluke ndi kuti tilimbe, kenako amatipala ndi puleni pa chikombole chachitsulo mpaka kamzere kalikonse katakhala ndi ngodya zitatu zofanana za madigiri 60 ndipo kakuonda pang'onopang'ono kulowera kunsonga. Amapala mbali ya mkati yofewa ija, mbali ya kukhungu n'kuisiya pafupifupi yosakhudza. Timizere 6 totere timamatidwa pamodzi ndi guluu, ndipo n'chifukwa chake ndodoyi mukaigubuduza pakati pa zala mumamva kuti si yobulungira koma ili ndi mbali 6.

Tsiku limene inafika ndinakhala nayo pakhonde nthawi yaitali, ndikuiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Mizere ya guluu sioneka n'komwe, kupatula malo amodzi pafupi ndi chogwirira pamene pali kamzere kakuda kotalika ngati chikhadabo. Mfundo anazisemphanitsa bwino, moti palibe mfundo ziwiri zoyandikana zimene zakumana pamalo amodzi, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa pamfundo ndi pamene nsungwi imafooka. Timphete todutsamo chingwe anatimanga ndi ulusi wa silika wofiirira umene utalowa vanishi unayamba kuonekera mkati, moti miyendo ya timpheteto imaoneka pansi pa ulusi. Kunsonga kwenikweni ndodoyi siposa mamilimita awiri, ndipo munthu ukaganiza kuti m'kachinthu kowonda ngati kamtengo ka machesi muli timizere 6 topalidwa pamanja, umamvetsa chifukwa chake ntchitoyi imadya masiku ambiri. Chogwirira cha cork, khungwa lofewa ndi lopepuka la mtengo wina, n'chosalala, ngakhale kuti kwa dzanja langa n'chowonda pang'ono.

Luso lopanga ndodo zotere ndi lakale, ndipo mmodzi mwa amene analikweza ndi Hiram Leonard wa ku America m'zaka za m'ma 1870. Linayamba kuzilala dziko la America litaletsa malonda ndi China m'chaka cha 1950, nsungwi ya Tonkin n'kuyamba kusowa, pa nthawi yomwenso ndodo za fibreglass, zopangidwa m'mafakitale, zinali kufala, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunabwera za graphite zimene ndi zopepuka, zolimba ndiponso zoponya patali. Ine ndili nayo ya graphite ya mafiti 9 imene yanditumikira zaka zambiri popanda vuto. Funso limene ndinapita nalo ku Zomba linali lakuti kodi pali chimene nsungwi ingachite chimene ya graphite ija ikulephera, kapena ndangolipira kukongola.

Kuno ku Blantyre kulibe trout, chifukwa nsombayi imafuna madzi ozizira ndi oyera, ndipo imayamba kuvutika madzi akafunda kupitirira madigiri 20. Choncho ulendo umakhala wa m'bandakucha, kudzera ku Limbe, Namadzi ndi Thondwe, kenako kukwera phiri la Zomba kumene atsamunda anabweretsa nsombazi kalekale. Mtsinje wa Mulunguzi kumtunda kwa damu ndi wopapatiza, wodzaza miyala, ndipo malo ambiri nthambi zimakumana pamwamba pake, pamene m'mphepete muli minga ya mabulosi akutchire imene imakola chingwe mukangotayirira. Maiwe ake ambiri ndi aang'ono ngati chipinda chogona. Pamalo otere mumaponya mamita 4, 5 kapena 7, ndipo nthawi zina chingwe chenicheni chotuluka kunsonga sichipitirira mita imodzi ndi theka, kwinako kuli kansinga kowonda komangirira nyambo.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana. Ndodo ya graphite ikakhala ndi chingwe chochepa chotere sipindika mokwanira, motero umaikakamiza ndi dzanja, nyambo n'kumenya madzi mwamphamvu, nsomba n'kubalalika. Ya nsungwi ili ndi thupi lakelake, ndipo kulemera kwa thupilo kumaipinda ngakhale chingwe chili chochepa. Mukaikweza mumamva ikupindika kuchokera kunsonga kutsika mpaka pafupi ndi chogwirira, ndipo imakuuzani m'dzanja momwemo nthawi yoibweza kutsogolo. Siifuna changu. Masabata awiri oyamba ndinkayesera pa kapinga kuseri kwa nyumba madzulo aliwonse, ndipo chingwe chinkangounjikana patsogolo panga chifukwa dzanja linazolowera liwiro la graphite. Nditaphunzira kudikira pang'ono chingwe chitambasuke kumbuyo, zonse zinakhala m'malo.

Ndikukumbukira bwino m'mawa wina mu November, mvula yoyamba itagwa usiku ndipo ngumbi zikugwera pamadzi. Panali dziwe lina pansi pa mwala waukulu, nthambi itawerama pamwamba pake kusiya mpata wosaposa mita imodzi. Ndinagwada pamchenga, ndodo ndinaigoneka cham'mbali kuti iyende mofanana ndi madzi, ndipo ndinaponya kamodzi kokha. Chingwe chinalowa pansi pa nthambi ija, nyambo n'kutera mwakachetechete ngati nthenga yothothoka yokha, n'kuyandama pang'ono motsatira madzi. Trout inatuluka pansi pa mwala mosafulumira, inatsegula kukamwa, ndipo nditakweza dzanja ndodo inapindika ngati uta. Inali nsomba ya masentimita pafupifupi 25, ya mzere wofiira m'nthiti ndi timadontho takuda pamsana. Pa ndodo yolimba nsomba yotere umangoikoka ngati nsanza, koma pa iyi kugwedeza mutu kwake kulikonse ndinkakumva m'chikhatho, ndipo kufewa kwa ndodo kunateteza kansinga kowonda kaja kuti kasaduke pamene inathamangira kumizu. Ndinanyowetsa manja, ndinachotsa mbedza imene ndinali nditaphwanya kale ndevu yake, ndipo ndinaibwezera m'madzi.

Kufupika kwake nakonso n'kothandiza m'tchire lotere, chifukwa ndodo ya mafiti 9 imangokhalira kugunda nthambi. Komabe ndiyenera kunena kuti ubwino umenewu si wa nsungwi yokha, poti za graphite ndi za fibreglass zazifupi ziliponso, ndipo ya fibreglass yabwino imapindika moyandikira kwambiri mmene iyi imachitira pa mtengo wotsika.

Zofooka zake ndinazipeza nditangochoka pamtsinje kupita pa damu la Chagwa, pa phiri lomwelo la Zomba. Pamadzi otambalala, mphepo ikuwomba kuchokera kutsogolo, ndodoyi imalephera kukankha chingwe, ndipo kupitirira mamita 12 kapena 13 ndinkachita kulimbana nayo. Nyambo zolemera zomira pansi sizigwirizana nayo konse. Amene akufuna ndodo imodzi yoti akawedzere pa madamu a Chelinda ku Nyika, kumene mphepo siipuma, asayang'ane kuno. Imalemeranso kuposa ya graphite ya msinkhu womwewo, ngakhale kuti pa ndodo yaifupi chonchi mkono sunandiwawe tsiku lonse.

Vuto limene linandidetsa nkhawa kwambiri linali pa mfundo yachitsulo yolumikizira zigawo ziwirizo, imene amaitcha ferrule. Inabwera yothina mopitirira, ndipo tsiku lina kukuzizira inakaniratu kutuluka. Ndodo ya nsungwi sapotokola pochotsa, chifukwa kutero kumatha kumatula timizere tija, motero ndinachita kuigwira kuseri kwa mawondo n'kukankha manja ndi miyendo mpaka inatuluka. Ndinamulembera mmisiriyo pa WhatsApp, ndipo yankho linabwera patapita masabata atatu, lolangiza kuti ndipukute chitsulocho ndi sipiriti n'kuchipaka sopo wouma pang'ono. Malangizowo anathandiza, koma kuchedwa koteroko n'kovuta kwa munthu amene ali kutali, makamaka poganizira kuti ndinali nditadikira kale miyezi 7 kuti ndodoyo ipangidwe pamene tinagwirizana miyezi 4. Ine sindinapeze munthu mu Blantyre kapena ku Limbe amene ndingamupatse ndodo yotere kuti aikonze, kutanthauza kuti ikathyoka iyenera kubwerera kumene inachokera. N'chifukwa chake nsonga yachiwiri ija ndimaiona ngati chinthu chofunika kwambiri m'kathumbamo, ndipo ndikulangiza kuti musavomere kugula yopanda nsonga ziwiri.

Nyengo yathu nayonso ili ndi zofuna zake. Mu January ndinabwera ku Zomba nditatopa, ndodo ndinaitsekera m'chipaipi isanaume, ndipo nditatsegula patapita masiku 5 kathumba kanali katachita nkhungu, ulusi wa silika pafupi ndi ferrule utayamba kuyera. Cholakwa chinali changa, ndipo mwayi wake vanishi anali wabwino moti madzi sanalowe m'nsungwi. Kuyambira pamenepo ndimaipukuta ndi nsalu youma, n'kuisiya pamalo opita mphepo usiku wonse isanalowe m'thumba. Siiyenera kutsamiritsidwa kukhoma kapena kusiyidwa m'galimoto padzuwa la mu October, chifukwa nsungwi ikakhala yopindika nthawi yaitali imasunga kupindikako. Nsonga imene ndinkaigwiritsa ntchito kwambiri yayamba kale kupendekera pang'ono kunsi, ndipo tsopano ndimazisinthanitsa ulendo uliwonse.

Pa nkhani ya mtengo, ndalama zimene ndinalipira zikanandigulira ndodo zitatu zabwino za graphite, osawerengera vuto lopeza ndalama zakunja. Poona ntchito ya manja imene inalowamo sindinganene kuti mmisiriyo anandidyera, koma phindu la ndalamazo limadalira kuti mumapita kangati kumtsinje. Pamenepa pali chinthu chimene chimandipweteka mtima, chifukwa mitengo yatha malo ambiri pa phiri la Zomba, ndipo pamene mthunzi wachoka madzi amafunda, mvula n'kukokololera dothi m'maiwe. Pa maulendo 14 amene ndayenda ndi ndodoyi, 5 ndinabwerako osaona nsomba ngakhale imodzi. Amene akuganiza zogula ayambe wapita kangapo ndi ndodo yobwereka, afunse za chilolezo chowedzera kwa oyang'anira nkhalango, ndipo aone yekha mmene mtsinje ulili.

Kwa woyamba kumene sindingamulangize ndodo iyi, chifukwa pophunzira munthu amagunditsa nsonga pamiyala ndi kukoka nyambo yokodwa m'nthambi pogwiritsa ntchito ndodo, ndipo zonsezi nsungwi siizipirira. Koma kwa inu amene mwawedza kale zaka zingapo, amene mumakonda kukwawa m'mphepete mwa timitsinje ta m'mapiri kusiyana ndi kuima pa damu, ndipo simuona kupukuta ndi kuyanika chida ngati chintchito, ndodoyi imachita bwino kwambiri pa mamita 4 mpaka 9 kuposa ina iliyonse imene ndinaigwirapo. Ya graphite ija ndimainyamulabe m'galimoto kuchitira tsiku la mphepo, koma pa maulendo 6 apitawa sindinaitulutse m'chipaipi chake.