Miyezi 14 ndi kabokosi koyerekeza maampu a machubu: mawu ali bwino, batani lachiwiri ndiye landidyera ndalama

Lachisanu lapitali ndinakatenga kabokosi kanga kwa mmisiri ku Limbe, kachiwiri m'miyezi itatu. Ndili m'minibasi, kabokosiko kali pamiyendo, mnzanga wina woimba gitala kutchalitchi kwawo ku Lilongwe ananditumizira uthenga: "Aise, kachipangizo kako kaja kakulirabe ngati ampu yeniyeni? Ndapezako kangachepe, ndigule?" Ndinamuuza kuti adikire kaye mtima wanga ukhale pansi. Tsopano wakhalako pansi pang'ono.

Ndi kabokosi kopondaponda ndi phazi, kokhala ndi kakompyuta m'kati koyerekeza kaliridwe ka maampu otchuka a machubu, aja okhala ndi timababu tagalasi totentha kumbuyo. Nzeruyi si yachilendo. POD ya Line 6, yofiira yooneka ngati nyemba, inatuluka mu 1998, ndipo Kemper inabwera mu 2011 ndi njira yojambula kaliridwe ka ampu imene uli nayo patsogolo pako. Kanga si ka makampani awiriwa ayi, ndi ka mtengo wapakati, ndipo ndinagula kwa munthu wina wooda katundu ku Johannesburg. Ndalama zake zinali za maukwati asanu ndi limodzi amene ndinaimba.

Zimene zikuyenda bwino sinditaya nazo nthawi. Tuner, yothandiza kuchuna nsambo, ndi yolondola. Delay ndi chorus, zobwereza ndi zokometsera mawu, zikukwanira pa sebene ndi pa nyimbo zauzimu. Kulumikiza ku laputopu ndi USB n'kujambula nyimbo, palibe vuto. Kamalowa m'chikwama chakumsana, ndipo magetsi akathima n'kuyatsa jenereta kamadzuka msanga osaiwala kalikonse.

Za kufanana ndi ampu yeniyeni, sindikunena zongomva. Kutchalitchi kwathu kuli mkulu wina amene ali ndi Fender Twin Reverb ya m'zaka za m'ma 1970, ya machubu anayi a 6L6 ndi masipika awiri a mainchesi 12. Kulemera kwake ndi makilogalamu 30 kapena kuposa, moti achinyamata akaona kuti ikufunika kunyamulidwa amayamba kulandira mafoni. Loweruka lina titamaliza kuyeserera tinaika maikolofoni ya SM57 pa sipika yake, ine n'kusankha Twin ya m'kabokosi, zonse ziwiri kupita ku mikisa. Ndinaimba kachidutswa kamodzimodzi kasanu ndi kamodzi, mnyamata wapamikisa akusinthasintha mobisa, anthu atakhala kumbuyo kwenikweni komwe kumamveka masipika a tchalitchi okha. Mwiniwake wa ampu, amene wakhala nayo zaka zoposa zanga zobadwa, analasa katatu n'kuphonya katatu. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ana inu mwatilodza."

Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine wochenjera. Koma Lamlungu lake nditaima kutsogolo, mawu anga akuchokera m'kasipika kapansi koyang'ana kwa ine, ndinamva kuti china chake chasowa. Twin yeniyeni ukaima nayo pafupi imakugunda m'miyendo ndi m'mimba, ndipo poti kumbuyo kwake n'kotseguka mawu amathamangira kukhoma n'kubwerera, chipinda chonse n'kudzaza. Kabokosi kanga kankamveka ngati nyimbo yojambula kale imene wina akundiseweretsera. Ndinakhala milungu ingapo ndikupotokola timabatani, kuwonjezera bezi, kuchotsa, kubwezeranso, koma ayi ndithu.

Ndinadzazindikira mochedwa kuti ndinkayerekeza zinthu ziwiri zosiyana. Kabokosi sikakupatsa ampu yokha. Kamakupatsa ampu, bokosi la masipika, ndi maikolofoni yogunditsa pa sipikayo, ziwiri zomalizazi ndizo amazitcha IR. Ndiye chimene umamva ndi chimene maikolofoni inamva, osati chimene makutu a munthu woima m'chipinda amamva. Tinayesa njira ina. Tinazimitsa Twin ija n'kuisiya izizire, tinazula waya wa masipika ake, n'kuwalumikiza ku power amp ya tchalitchi, ampu yongokweza mawu, ine n'kuthimitsa IR m'kabokosi. Musayerekeze kuzula masipika ampu ya machubu ili yoyaka, mungawotche thiransifoma yake mpaka ubale ndi mwiniwake kutha. Titatero, kugunda m'miyendo kuja kunabwerera. Kusiyana kumene ndinkati n'kwa machubu, gawo lalikulu kunali kwa masipika ndi mphepo imene amakankha.

Katsalira kalipo ndithu, ndipo kali m'zala. Mawu oyera a sebene kabokosi kamawatha. Mawu okhakhala kwambiri a rock nawonso kamawatha. Pamene kamapunthwa ndi pakatikati, paja ampu yangotsala pang'ono kuyamba kukhakhala, monga imachitira Vox AC30 ndi machubu ake a EL84. Pa ampu yeniyeni ukakhudza nsambo mofatsa mawu amayera, ukamenya mwamphamvu amang'ambika, ndipo ampu imakhala ngati yagwada pang'ono kenako n'kudzuka, chifukwa magetsi a m'kati mwake amatsika kwa kamphindi. Azungu amati sag. Kanga kali ndi kopotokola kolembedwa dzina limenelo, ndipo kamayesetsa, koma ndikatsitsa voliyumu ya pagitala mawu amayera mouma, ndipo noti ikamazilala pamamveka kachiphokoso kosalala ngati mafuta akuwira mu chiwaya patali. Mpingo sunamvepo zimenezi. Ine ndimazimva Lamlungu lililonse. Zimene ena amadandaula zoti mawu amachedwa kutuluka, ine khutu langa silinazigwirepo. Tizipangizo tambiri totere timachedwa ndi mamilisekondi awiri kapena atatu, chimodzimodzi kuima mita imodzi kutali ndi ampu, poti mawu amayenda masentimita 34 pa milisekondi.

Tsopano batani. Mwezi wachisanu ndi chinayi, nyengo ya fumbi la Okutobala, batani lachiwiri, limodzi la mabatani oponda posintha mawu osungidwa m'kabokosi, linayamba makani. Ukaponda kamodzi limakhala chete, ukapondanso limawerenga kawiri n'kudumpha. Kunyumba ndinkangoseka. Ndinasiya kuseka pa ukwati wina ku Chilomoni. Akwati akulowa muholo pang'onopang'ono, ana ovina ali kutsogolo, ine ndikufuna mawu ofewa a chorus, ndinaponda. Kanadumphira pa ampu ya Marshall yoyerekeza imene ndinasungira zoseweretsa kunyumba, gain yokhakhalitsa mawu ili kumapeto. Gitala inakuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Mayi wina wa chitenje cha komiti anagwira pamtima, MC n'kunena pa maikolofoni kuti, "A gitala, bwanji kodi, mwamva njala?" Holo yonse inafa ndi kuseka. Ndinamaliza ukwatiwo nditagwada pansi, kusintha mawu ndi chala.

Wogulitsa uja pondigulitsa anali wokoma pakamwa: "Bwana, chaka chonse chili pa ine, chikavuta mungondiimbira." Nditamuimbira anati ndi firmware, pulogalamu ya m'kati mwa kabokosi, ndiike yatsopano. Ndinaika, batani osasintha. Anati ndiye kuti ndimaponda ndi nsapato yolemera. Kenako anati katumizidwe ku Joni, thiransipoti yopita ndi yobwera ikhale yanga, ndidikire milungu isanu ndi umodzi m'nyengo yeniyeni ya maukwati. Nditafunsa za lisiti ya sitolo imene anagulako, uthenga unawerengedwa, yankho mpaka lero. Pa WhatsApp akuikabe zithunzi za katundu watsopano tsiku ndi tsiku.

Mmisiri wa ku Limbe, amene ntchito yake yeniyeni ndi mawailesi ndi ma TV, anatsegula ine ndikuona. Chitsulo chonyezimira chimene timapondacho ndi chipewa chabe. Pansi pake pali kasipuling'i kokankha kaswitchi kakang'ono ngati njere ya chimanga, kowotcherera pa bolodi. Anaseka, anatenga DVD yakufa pansi pa tebulo, anazulamo kaswitchi kofanana n'kuwotcherera. Kanagwira miyezi iwiri ndi theka. Ulendo uno wasintha awiri, poti lachitatu nalonso linali litayamba, ndipo bilu yake yakwera kuposa yoyamba.

M'minibasi muja ndinali nditatsimikiza zokagulitsa n'kuyamba kusunga ndalama za ampu ya machubu. Koma madzulo omwewo ndinakumbukira kuti Twin ija panopa ili pakona itafunditsidwa chitenje. Machubu ake atopa, akufunika anayi ofanana mphamvu, komanso munthu wodziwa kuchuna bias, mlingo wa magetsi odutsa m'machubu, akawaika. Mafakitale opanga machubu atsala ochepa padziko lonse, makamaka ku Russia, Slovakia ndi China, ndipo mitengo inakwera mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Onjezani kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mkulu uja wakhala akudikira mwana wake wa ku UK kuti adzabwere nawo m'chikwama. Ine vuto langa latha ndi DVD yakufa.

Ndiye aise, gula, koma osati kwa munthu amene sitolo yake ndi foni. Peza wokhala ndi chitseko choti ungakagogode, akulembere za chaka chija papepala, ndipo uponde batani lililonse kakhumi iye akuona. Usawonongere ndalama zonse pa kabokosi, usiyeko zina za sipika yabwino. Kanga ndikhala nako mpaka kabweze ndalama za maukwati asanu ndi limodzi aja kuphatikiza mabilu awiri a ku Limbe. Loweruka lino ndili ndi ukwati ku Bangwe. Marshall ija ndaisamutsira kumapeto kwenikweni, kutali ndi batani lachiwiri.