Myuziyamu ya ku Karonga, kwa amene mukufuna kupita ndi ana

Amene mumafunsa kuti thiripi ya ana asukulu ilowere kuti, ine ndikuti yesani Cultural & Museum Centre Karonga, ili pa tauni pomwepo ndipo anaitsegula mu 2004. Kuchokera ku Lilongwe ndi mtunda ndithu, komanso dzuwa la Karonga si lamasewera ndiye madzi akumwa tengani ambiri, koma ukafika sudandaula ayi.

Ukangolowa umakumana ndi dayinoso yotchedwa Malawisaurus. Chinyama chija abale! Khosi lalitali, mchira wautali, kamutu kochepa, ana amayamba ayima kaye pakhomo kenako mafunso mbwee. Chomwe aimika pamenepo ndi chifanizo chomwe anaumba potengera mafupa enieni, ndipo mafupawo sanachokere ku Ulaya kapena ku America, anakumbidwa m'boma la Karonga lomwelo, m'miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni. Oyamba anawalemba mu 1928 ndi dzina lina, dzina loti Malawisaurus linabwera mu 1993, ndipo pagulu la akatswiri omwe analipereka panali mayi wa kwathu konkuno Dr Elizabeth Gomani, yemwenso mu 2005 anatchula dayinoso ina kuti Karongasaurus. Atsikana a fomu 2 omwe ndinali nawo atamva zimenezi anayang'anana, mmodzi n'kufunsa kuti "madamu ndiye kuti sayansi ya mafupa imaphunziridwa ndi a Malawi?" Funso limenelo lokha linabweza ndalama ya transipoti.

Mbali yomwe ine inandigwira mtima ndi ya anthu akalekale. Ku Uraha, m'boma la Karonga lomweli, mu 1991 anapeza nsagwada yomwe amaitcha UR 501, ya Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, gulu lake linkatsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage. Ndi kanthu kokwana m'dzanja, ukapanda kuuzidwa utha kungodutsa, nchifukwa chake ndikuti musamazungulire nokha, yendani ndi wofotokozera ndipo mumpanikize mafunso. Mufunsenso za ku Malema komwe kunapezeka chidutswa cha nsagwada ya mtundu wina, Paranthropus boisei. Nkhani yoti anthu tinachokera kuti imabutsa mtsutso, makamaka kwa ana omwe kunyumba amapemphera kwambiri, ndiye matichala konzekani, musadzati sindinakuuzeni kkk.

Kenako mumafika pa mbiri ya posachedwa, a Ngonde ndi ufumu wa a Kyungu, malonda a akapolo ndi Mlozi yemwe anapachikidwa mu 1895, nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani pa Karonga mu 1914, mpaka nthawi ya Kamuzu ndi matipate. Apa ana ambiri amakhala atatopa kale chifukwa mphamvu zonse anathera kwa dayinoso, ndiye langizo langa muyambe mwawapatsa mafunso olemba asanalowe, apo bii zithunzi za pafoni zokha ndi zomwe abwerere nazo.

Malowo si aakulu kwambiri, koma kwa mwana yemwe mafupa osanduka miyala amangowamva m'buku ndi okwanira. Mukakhala gulu imbani foni kaye mufunse mitengo ndi nthawi yotsegulira, ndipo mupite m'mawa kusanatenthe.