Pepala lopatsa odwala akamachoka: zimene taona patatha miyezi

Nditalemba koyamba za pulogalamu ya pakompyuta yosungira mbiri za odwala imene kliniki yathu kuno ku America inagula, ndinaitamanda chifukwa dokotala akangomaliza kuona munthu, imasindikiza pepala lofotokoza zonse za tsikulo. Papita miyezi tsopano, ndipo mtima wanga wagawanika.

Pepalali sitinaliyambe tokha. Lamulo la HITECH la 2009 linaika ndalama zokopa madokotala kuti asiye mafayilo a mapepala: mpaka $44,000 pa zaka 5 kudzera ku Medicare (inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba), kapena $63,750 pa zaka 6 ku Medicaid (ya anthu opeza movutikira). Kugula kompyuta kokha sikunali kokwanira. Bungwe la boma la CMS, loyang'anira Medicare ndi Medicaid, linkafuna umboni woti ukuigwiritsadi ntchito, zimene ankazitcha Meaningful Use. Chimodzi mwa zofunikazo chinali chakuti pa maulendo opitirira theka, odwala alandire pepalali popanda kulipira. Mu gawo loyamba la ndondomekoyi (Stage 1) tinkapatsidwa masiku 3 a ntchito oti tipereke pepalali, koma mu gawo lachiwiri (Stage 2), limene tinalowa mu 2014, linangokhala tsiku limodzi. Mu 2015, amene sanakwanitse anadulidwa 1 peresenti pa malipiro a Medicare.

Pa chiwerengero ndilibe dandaulo. Pulogalamuyi imawerenga yokha amene tawasindikizira, amene tawatumizira pa intaneti, ngakhalenso amene tawapatsa koma akana. Theka lija tinalidutsa kalekale. Chovuta n'chakuti dokotala akachedwa kutseka zolemba zake, pepala limatuluka lopereweza, ndipo odwala amadzulo ndiwo amakumana nazo kwambiri.

Chimene chimandiwawa ndi pepala lenilenilo. Kwathu ku Malawi, kabuku ka kuchipatala munthu amakasunga m'kajumbo ngati chuma chifukwa zonse zili momwemo, mwachidule. Kuno mayi wina wachikulire wodwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi anatuluka ndi masamba asanu a zilembo zing'onozing'ono. Malangizo a dokotala anali kumapeto kwenikweni, pansi pa matebulo a zoyeza magazi. Patsamba loyamba panali mankhwala amene anasiyitsidwa kale, poti palibe anawachotsa pamndandanda. Anabwera mwana wawo atanyamula mabotolo m'thumba, n'kufunsa kuti, "Ndiye amwe ati?" Kwa CMS ulendo umenewo tinakhoza. Kwa mayiwo ayi. Masabata oyamba aja mapepala ambiri tinkawapeza m'bini la pakhomo, osapindidwa n'komwe.

Tinasintha kachitidwe. Namwino amayamba wadutsa mndandanda wa mankhwala limodzi ndi wodwala asanalowe kwa dokotala, botolo ndi botolo. Potuluka timatenga cholembera n'kuzunguliza zinthu zitatu: mankhwala amene asintha, zokayezetsa, ndi tsiku lobweranso. Zimadya nthawi, mzere umatalika, koma mafoni ofunsa za mankhwala achepa ndipo ena amabwera nalo pepalalo ulendo wotsatira.

Anzanga amene mukufuna kugula, musakhutire ndi chitsanzo cha wodwala chimfine chimene ogulitsa amaonetsa. Auzeni akusindikizireni pepala la munthu wa matenda anayi ndi mankhwala khumi, muliwerenge mutaimirira. Ife tinapempha kampani kuti malangizo azikhala pamwamba, zilembo zikule, ndiponso pakhale la Chisipanishi poti odwala athu ambiri ndicho amalankhula. Anatikulitsira zilembo zokha, zinazo tikudikirabe.