The World ndi The Citizen: nkhani ya Soweto ankailemba bwanji?

Pa 16 Juni 1976 apolisi anawombera ana asukulu ku Soweto, ku South Africa, omwe ankakana kuphunzira mu Afrikaans. The World, nyuzi ya anthu akuda, inatulutsa chithunzi chomwe anajambula Sam Nzima, choonetsa mnyamata akuthamanga atanyamula Hector Pieterson wa zaka 12 yemwe anawomberedwa, mlongo wa Hector ali pambali akulira, ukangochiona basi wadziwiratu wolakwa ndani. Boma linaitseka nyuziyi mu Okutobala 1977, mkonzi Percy Qoboza nkumutsekera.

The Citizen inayamba chaka chomwecho cha 1976, nyuzi yachizungu, koma yoikira boma kumbuyo, kwa iwo vuto linali zipolowe osati tsankho ayi. Mu 1978 zinaululika kuti ndalama zake zinkachokera kuboma mobisa. Ine nde ndikanagula The World, olo itadula bwanji.