Clary, Bree kapena Sunny: muyambe ndi msaki wa ziwanda uti?

Amene mumakonda nkhani za achinyamata olimbana ndi ziwanda m'mizinda ikuluikulu mukulidziwa vuto lathu muno mu Blantyre. Mabuku amenewa amatuluka motsatizana, ndipo kwa ogulitsa mabuku akale m'makhonde a masitolo, m'tauni kaya ku Limbe, umapeza lachitatu koma loyamba kulibe. Kuitanitsa kunja nakonso kumadya m'thumba. Choncho ndi bwino kudziwiratu nkhani yoti muilondole mpaka kumapeto.

Yotchuka kuposa zonse ndi The Mortal Instruments ya Cassandra Clare. Buku loyamba, City of Bones, linatuluka mu 2007, ndipo lachisanu ndi chimodzi, lomwe ndi lomaliza, mu 2014. Clary Fray, mtsikana wa zaka 15 wa ku New York, akuona munthu akuphedwa m'malo ovinira pamene anzake sakuona kanthu. Posakhalitsa mayi ake akubedwa, ndipo Clary akutulukira kuti iye ndi wa mtundu wa ma Shadowhunter, anthu okhala ndi magazi a mngelo amene ntchito yawo n'kupha ziwanda. Mphamvu zawo amazipeza pojambula zizindikiro pakhungu, ngati mmene ena kwathu kuno amatemera mphini. Nkhaniyi imathamanga, Chingelezi chake n'chosavuta, ndipo muli nthabwala zambiri. Chifukwa cha filimu ya mu 2013 ndi sewero la pa TV la Shadowhunters lomwe linayamba mu 2016, ambiri amaiyamba akuwadziwa kale anthu ake.

Chimene chimandivuta n'choti ziwanda zake sizikhalitsa mumtima. Zimatulukira, amazibaya ndi lupanga, zimazimiririka, kenako timabwerera ku funso loti Clary akwatiwa ndi ndani. Mabuku asanu ndi limodzi ndi ambiri kwa nkhani yotere.

Legendborn ya Tracy Deonn, ya mu 2020, ndi ya mtundu wina. Bree Matthews ali ndi zaka 16, mayi ake angomwalira kumene pa ngozi ya galimoto, ndipo wapita kukaphunzira pa yunivesite ya ku Chapel Hill, ku North Carolina m'dziko la America. Usiku woyamba akuona chiwanda, ndipo mnyamata wina akuyesa kumufufutira zimene waonazo m'mutu. Zikukanika. M'malomwake Bree akukumbukira kuti kuchipatala, usiku wa imfa ya mayi ake, panali munthu amene anamuchita zomwezo. Akulowa m'gulu lachinsinsi la zidzukulu za asilikali a Mfumu Arthur, mfumu ya m'nthano zakale za ku Britain, osati chifukwa chofuna ungwazi, koma kuti adziwe chinapha mayi ake.

Apa ndi pamene bukuli linandigwira. Gululo ndi la azungu olemera, ndipo Bree ndi wakuda yekhayekha pakati pawo, pa sukulu imene nyumba zake zakale zinamangidwa ndi akapolo. Kenako akupeza kuti azimayi a fuko lake ali ndi mphamvu yawoyawo, imene salanda koma amabwereka kwa mizimu ya makolo, ndipo amaibweza. Wa kuno safuna womumasulira zimenezo. Chisoni cha mwana wamasiye chalembedwanso moona, ndi ukali wake womwe. Koma konzekani: bukuli ndi lalikulu, masamba pafupifupi 500, ndipo chakumayambiriro kuli maudindo ndi mayina a m'gululo ochuluka moti umabwerera m'mbuyo kukaonanso. Lotsatira lake, Bloodmarked, linatuluka mu 2022, ndipo Oathbound mu 2025.

Yachitatu ndi Akata Witch ya Nnedi Okorafor, ya mu 2011. Ena anena kuti si ya osaka ziwanda kwenikweni, ndipo akunena zoona pang'ono, koma ndi yokhayo pa zitatuzi imene ikuchitikira mu Africa. Sunny Nwazue ali ndi zaka 12, anabadwira ku New York koma akukhala ku Aba m'dziko la Nigeria, ndi wa khungu lachialubino, ndipo amakonda mpira ngakhale dzuwa limamuletsa kusewera. Iye ndi anzake atatu, Orlu, Chichi ndi Sasha, akutumidwa kukaletsa Black Hat Otokoto, munthu wopha ndi kuvulaza ana kuti aitane mzimu woopsa wotchedwa Ekwensu. Chinthu chimodzi chokoma m'dziko lawo n'choti ndalama zimagwa kuchokera m'mwamba munthu akaphunzira chinthu chatsopano, osati akagulitsa kanthu.

Koma pali mfundo imene ife Amalawi sitingailumphe. M'nkhaniyi khungu la Sunny likugwirizana ndi mphamvu zake zolowera m'dziko la mizimu. Wolembayo amamuonetsa Sunny ngati munthu wathunthu, wanzeru ndi wolimba mtima. Komabe m'dziko lathu abale athu achialubino aphedwa, ndi manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza loti matupi awo ali ndi zizimba. Mukamupatsa mng'ono wanu bukuli, khalani naye pansi mukambirane kuti izi ndi zopeka.

Kwa mwana wa Fomu 1 kapena 2 amene akungoyamba kuwerenga mabuku aatali, City of Bones ndi lopepuka, ndipo akhoza kulekeza pa lachitatu, City of Glass, pomwe gawo loyamba la nkhaniyo limathera bwinobwino. Akata Witch ndi loti muwerenge pamodzi pabanja. Koma ngati ndalama ili ya buku limodzi ndipo wowerengayo ali mu Fomu 3 kupita m'tsogolo, ine ndingasake Legendborn, ngakhale zitatanthauza kudikira wachibale wochokera ku Johannesburg kuti abwere nalo.