Fluke 435 Series II: Chipangizo Choyezera Ubwino wa Magetsi mu Labotale

Aliyense amene amaphunzitsa kapena kufufuza za magetsi mu labotale amadziwa kuti multimeter wamba (kachipangizo ka m'manja koyezera magetsi) imangokuuzani zinthu monga kuchuluka kwa ma volt, koma siionetsa chimene chikupsereza mamota kapena kutenthetsa waya wa neutral (waya wobwereramo magetsi). Pamenepa m'pamene Fluke 435 Series II imaonetsera luso lake. Chipangizochi chimayeza mafezi onse atatu (mawaya atatu obweretsa magetsi) pamodzi ndi neutral nthawi imodzi, chimawerenga ma harmonics (mafunde owonjezera amene amasokoneza mafunde enieni a magetsi) mpaka a nambala 50, ndiponso chimatsatira muyezo wa padziko lonse wotchedwa IEC 61000-4-30 Class A, kotero kuti zotsatira zake zikhoza kuyerekezedwa ndi za chipangizo china cha gulu lomwelo popanda mkangano.

Chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi chithunzi cha ma phasor, mivi yoimira magetsi a fezi iliyonse pa sikirini. Wophunzira akakoloweka clamp (chopanira waya choyezera magetsi odutsamo) mozondotsa, kamuvi kolembedwa pa clamp n'kuloza kumene magetsi akuchokera m'malo mwa kumene akupita, muvi wa fezi imeneyo umatembenuka pa sikirini, ndipo iye amadzionera yekha cholakwacho asanalembe manambala olakwika m'buku. Pa magetsi athu a 230 V ndi 50 Hz, makompyuta ndi mababu a LED akachuluka amakweza harmonic yachitatu, ya 150 Hz, imene imaunjikana mu neutral, ndipo chipangizochi chimaionetsa poyera.

Mtengo wake ndi wokwera, ndipo menyu yake imafuna kuleza mtima masiku oyamba. Komabe labotale imene imayeza magetsi kwa masiku angapo mosadukiza, n'kusunga zonse pa khadi ya SD kuti zikasanthulidwe pa kompyuta ndi pulogalamu ya PowerLog, ipindula nacho kwambiri.